Poyambira Ulendo wa Mng'ono Wanga

"Kumandako kuli nthochi, iwe! Ukufuna ukatsanzike nthochi?"

Anakuwa choncho achemwali anga aakulu, ali chiimire pakhonde pa nyumba yawo ku Chitakale, mpeni wosendera chinangwa uli m'manja. Amayi a nyumba yoyandikana anasiya kuchapa n'kutchera khutu. Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, kwathu aliyense amadziwa, ndipo sindinabadwe ndi pakamwa posankha mawu. Ndinakankha mpando ndi mwendo.

"Nanga tsiku la maliro lija munkagubudukiranji pansi mpaka kukomoka? Munkalirira nthochi?"

"Ndinkalirira mwana wa mayi anga! Ndipo usandiyankhe ngati ukulimbana ndi makondakitala a pasiteji. Ine ndinakubereka kumsana uli ndi mamina."

"Manda ake ali uko. Mtanda uli uko. Dzina lake linalembedwa uko. Ndikayambira komweko basi."

"Pita ukaone kaye," anatero, mawu atatsika mwadzidzidzi. "Unapitako liti iwe? Pita ukaone, ukabwere udzandiuze ngati ukayambire pamenepo."

Nkhani yake inali ya mng'ono wanga, chitsirizira m'mimba mwa mayi athu. Anali wakabaza wa njinga yopalasa, munthu wofatsa mpaka kunyansa. Anakwatira kumudzi wina m'tsinde mwa phiri, tsidya la mtsinje, n'kumanga kwa mkazi monga timachitira kuno. Mlamu wangayo anapita padera kangapo. Ulendo womaliza zinavuta kwambiri ku chipatala cha paboma, ndipo mng'ono wanga anagwada kuseri kwa chipinda cha amayi oyembekezera, pafupi ndi zingwe zoyanikira zovala, n'kuwinda. Anati mayi ndi mwana akatuluka amoyo, adzayenda wapansi kuchokera kuno ku Mulanje mpaka ku Blantyre, akakwere phiri la Michiru kumene kuli Njira ya Mtanda. Anatuluka amoyo onse awiri, mwana wamkazi.

Ulendowo ankangouzengereza. Tikakolola. Ikatha mvula. Mwana akayamba kuyenda. Ndinkamuseka kuti Mulungu si pasenjala woti ungamuuze kuti dikirani pang'ono ndipope tayala. Iye ankangomwetulira. "Ndipita, achimwene. Miyendo ilipo."

Kenako kunabwera mvula ija yosakata, masiku ndi masiku, mpaka phiri linabangula. Akuluakulu amati napolo, chinjoka cha m'phiri chikamasamuka. Kusukulu anatiphunzitsa kuti ndi dothi lokhuta madzi. Amene anaona miyala yaikulu ngati nyumba ikuyandama ngati zitsekerero za mabotolo sakangana za dzina lake. Mlamu ndi mwana anali atathawira kale kusukulu ya pamtunda. Mng'ono wanga anabwerera kunyumba kuti akamasule mbuzi.

Tinakumba ndi makasu. Tinatsika ndi mtsinje mpaka kumene umathira mu Ruo, tikuzonda m'mabango ndi m'mizu ya mitengo. Tinapeza anthu ena, a eni ake. Iye ayi. Pamapeto akuluakulu anati maliro sangakhale pabwalo mpaka kalekale, tichite monga mwa mwambo. Munthu akasowa mtembo, amatenga thunthu la nthochi lotalika ngati iyeyo, kulikulunga m'nsalu, kuliimbira nyimbo, n'kuliika m'manda. Tinatero, kumanda a kwathu, pafupi ndi mayi.

Patapita nthawi mlamu ananditumizira mawu kudzera kwa achemwali: chowinda chija chikadali pamenepo, ndani achinyamule? Mlandu suwola. Mwamuna wotsala m'banja ndine ndekha. Sindine wopemphera kwambiri, kutchalitchi ndimakhala benchi ya kumbuyo kufupi ndi khomo, koma ndinavomera. Anthu a limana lathu, kagulu ka akhristu a m'dera limodzi, anali akukonza ulendo wapansi wopita ku Michiru komweko, kudzera msewu wa Midima. Ndinati ndidzakumana nawo panjira.

Vuto linabwera ndi amayi achikulire a m'limanamo, amene anayendapo maulendo otere. Iwo amati ulendo woyendera munthu wina umayambira pamene pali mwini wake. Ngati akudwala, umagwada pamphasa pake, kumugwira dzanja, n'kumuuza kuti ndanyamuka, tiyeni. Ngati anamwalira, umakanena mawu omwewo pamanda pake. Ukayambira pena, wayenda ulendo wako, wake ukadali pomwepo. Ndinakafunsa bambo mfumu kutchalitchi. Anaseka n'kunena kuti Mulungu sayeza msewu ndi tepi, yambirani paliponse. Yankho limenelo linandikwiyitsa kuposa la amayi aja. Paliponse ndi pati? Mkazi wanga naye anati ndi bondo langa lovutali ndingokwera minibasi mpaka pa Nkando, ndikayambire pamenepo, adziwa ndani. Ndikanamuyankha bwenzi tikukamba nkhani ina kwa ankhoswe.

Gulu linali loti linyamuka mawa lake. Ndiye tsiku limenelo, nditachoka kwa achemwali mtima uli phuliphuli, ndinatseka kashopu kanga ka zipangizo za njinga n'kulunjika kumudzi kwathu.

Kumanda salowako munthu yekha. Ndinakatenga mkulu wina mwa adzukulu, anthu okumba manda, yemwe analipo tsiku loika lija. Nditamuuza chimene ndabwerera, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavala nsapato zake za matayala. Dzuwa linali pamutu. M'nkhalango ya kumanda munali mthunzi wozizira, masamba ouma akulira kumapazi. Tisanafike, mkuluyo anaima.

"Pitani. Ine ndidikira pano."

Sindinafunikire kufunsa kuti manda ake ndi ati. Pakati pa mitumbira yonse ija, pamutu pa mtumbira wa mng'ono wanga, panali nthochi yamoyo. Inali yaitali kundiposa, masamba obiriwira bii, osang'ambika ndi limodzi lomwe. Mtanda wathabwa uja inali itaukankhira pambali, utapendekeka. Ndipo inali itabereka. Mkoko waukulu unkalendewera pamwamba pa mtumbira, nthochi za m'mwamba zitapsa kale psuu pamtengo pomwepo.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, musaganize kuti ndine mbuli. Nthawi ija nthaka inali yokhuta, dzenje likangofika m'chiuno madzi ankatumphuka, ndiye manda anali osaya. Mabokosi anali atatha, tinakulunga ndi mphasa. Ndipo anyamata amene anatumidwa sanadule thunthulo, analizula ndi chitsa chake chomwe. Nthochi ukaikwirira ndi chitsa m'dothi lonyowa ichita chiyani? Zonsezo ndinadziuza nditaima pamenepo.

Chimene sindinathe kudziuza ndi ichi. M'nkhalango imeneyo muli apusi osaopa ngakhale galu. Amaba chimanga m'nkhokwe, amalanda mango m'manja mwa ana. Ndinkawamva akudumpha m'mitengo pamwamba panga. Koma pa mkoko wakupsa uja panalibe nthochi yosowa, panalibe ngakhale pojompha mbalame.

Ndinagwada. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyeseze mawu aja, ndanyamuka, tiye. Sanatuluke. Ndinkangoona thunthu lonenepa, lonyezimira, lokhuta bwino, likumwa madzi pamalo pamene pakanagona mwana wa mayi anga. Tsamba limodzi linayamba kugwedezeka lokha, uku ndi uku, ena onse ali chete. Nthochi zimatero nthawi zina, ndikudziwa. Koma magazi anandithamangira kumutu.

"Bwerekeni chikwanje!" ndinakuwa. "Ndichidule chinthu chimenechi!"

Mkulu uja sanasunthe. Anayankha motsitsa, ngati wina ali m'tulo pafupi.

"Mukachidula, bambo, ndiye tidzaikenso kachiwiri?"

Ndinadzuka, n'kusansa mawondo, n'kutuluka. Achemwali sananame. Pamenepo panali chinthu, koma sanali mng'ono wanga.

Panatsala pamene panali nyumba yake. Chisiyireni kukumba kuja ndinali ndisanapondekonso. Ndinakwera njinga yamoto pa Chitakale. Tinadutsa m'minda ya tiyi, kenako msewu wafumbi wokwera, mpaka pamene panali mlatho. Panatsala zipilala ziwiri zokha, zitsulo zitapindika ngati udzu. Wanjingayo anazimitsa injini.

"Ine ndimathera pano, bwana. Tsidyalo kulibe pasenjala."

"Undidikire."

"Iyayi. Mukandiimbire." Anatembenuza njinga ndisanamalize n'komwe kumutukwana.

Ndinavula nsapato n'kuwoloka. Madzi anali ofika m'mawondo, ozizira ngati achokera mufiriji, miyala yapansi yoterera. Kutsidya ndinaima osadziwa kolowera. Mudzi ndinkaudziwa bwino: panali chigayo, mitengo ya mapeyala, mjigo, kagolosale kopaka laimu. Tsopano panali miyala yokhayokha, yotuwa, kuchokera m'phiri mpaka kumtsinje, ndi mchenga pakati pake. Pamwamba, pankhope pa phiri, panali chipsera chachitali choyera pamene dothi linachoka. Kunalibe nkhuku, kunalibe galu, kunalibe mwana wolira. Pansi pa miyala, penapake pakuya, madzi ankamveka akuyenda ngati anthu akunong'onezana m'chipinda china.

Ndinaona kanjira ka mchenga kosalala, kokhotakhota pakati pa miyala, ndipo ndinakatsata. Nditayenda ndithu m'pamene ndinazindikira chimene chinkandisowetsa mtendere. Mchengawo unali ndi mizere ya tsache. Munthu anali atasesa.

Kanjirako kanandifikitsa pabwalo. Ndikuti bwalo chifukwa ndilibe dzina lina: malo a mchenga oseseka bwino, a ngodya zinayi, pakati pa chipululu cha miyala. Nyumba panalibe, ngakhale njerwa imodzi. Chifunga cha chiperoni chinali chitayamba kutsika m'phiri, ndipo m'chifungamo ndinamva tsache, kwee, kwee, ndisanamuone mwini wake. Anali mlamu wanga, atawerama, dzanja limodzi kumsana. Anali ataonda kwambiri. Iye ndi ena opulumuka anapatsidwa malo pamtunda, ndipo ine ndinkayesa kuti kunoko sabwerako.

"Alamu! Mwapenga kodi? Mukusesa miyala?"

Anaweramuka, n'kuyang'ana mapazi anga, osati nkhope.

"Mwandipondera posesa, alamu. Takhalani pamwalapo." Kenako anakumbuka ulemu, anapinda mawondo pang'ono. "Mwaswera bwanji? Kunyumba ali bwanji?"

Ndinakhala. Anandilozera ndi tsache. Apa panali khonde. Apa khola la mbuzi. Apo pogona. Ndipo mwala wafulati uwu, wokwiririka theka, ndi wa pakhomo, umene ankapondapo potuluka. Ndi chokhacho chimene madzi anasiya.

Ndinamuuza za kumanda. Sanadabwe.

"Ndinamva. Ine sindipitako. Kumeneko kulibe wanga."

"Ndiye ndiyambira pano," ndinatero. "Pamwala wa pakhomopa. Mawa m'mawa ndigwada apa, ndinena mawu awo aja, nkhani ithe. Ndatopa nazo."

Anapukusa mutu. "Apa ayi."

"Apanso ayi? Anthu inu mukufuna ndikayambire kumwamba?"

"Musakalipe, alamu. Kuno mawu amapita kutali." Anakhala pansi pamchenga, tsache pamiyendo. "Mukuganiza kuti ndimaseseranji madzulo? Munthu amasesa m'mawa. Ine ndimasesa madzulo kuti m'mawa ndidzaone."

"Mudzaone chiyani?"

"Mapazi."

Anazinena ngati akunena mtengo wa tomato. Anati tsiku lina anabwera kudzafuna mbale kapena chilichonse chotsala, n'kupeza mapazi pamchenga, opanda nsapato, a munthu wamkulu. Anawafufuta. Mawa lake analiponso. Kuyambira pamenepo anayamba kusesa, bwalo lonse ndi kanjira komwe, mpaka kumtsinje.

"Ndi anthu okumba mchenga amenewo," ndinatero. "Kapena oweta mbuzi. Kapena chidakwa china chosochera."

"Chochokera kuti?"

"Kulikonse!"

"Mapazi a chidakwa amakhala ndi kochokera, alamu. Awa amayambira apa." Anagunda mwala wa pakhomo uja ndi chala. "Kumbuyo kwake kulibe. M'mbali mulibe. Phazi loyamba limakhala apa, lamanja, ngati munthu watsika kuchokera m'nyumba. Ndiye amatsata kanjira mpaka pamadzi."

"Kenako n'kubwerera."

"Obwerera sindinawaonepo. Amangopita. Tsiku lililonse amangopita."

Chifunga chinali chitatizinga tsopano, phiri losaonekanso.

"Tsidya lina munakayang'anako?"

"Ndinayang'ana. Kulibe. Amathera pamadzi penipeni. Pamenepo pamakhala popondaponda, ngati munthu waima nthawi yaitali, akusuntha uku ndi uku." Anandiyang'ana m'maso koyamba. "Inu mukuwadziwa ang'ono anu ndi madzi. Mlatho ulipo ankawoloka. Nanga pano?"

Mng'ono wanga ankaopa madzi chibadwire. Tili ana, popita kusukulu nthawi ya dzinja, pankakhala kamtsinje kena koti ngakhale atsikana ankangodumpha. Iye ankaima m'mphepete, mabuku pamutu, akupondaponda, misozi ili mbwee. Ndinkabwerera, kumugwira pamkono mwankhanza, n'kumukoka ndikumutukwana njira yonse. Atakula anasiya kulira, koma sanasambirepo, ndipo pasenjala wofuna kudutsa pamadzi ankamutsitsa. Zimenezi mlamu akanatha kuzidziwa. Koma kupondaponda kuja sindinauzepo munthu.

"Pakhomo pano ananyamuka kale okha," anatero mlamu. "Chigawo chimenechi akuyenda okha, tsiku ndi tsiku. Mukayambira pano muwabwezera m'mbuyo. Chawakanika ndi mtsinje. Ine ndinayesa, alamu. Ndinaima pamenepo, ndinawaitana, ndinawoloka. Mawa lake mapazi analiponso. Kaya mwina mawu anga ndi ofewa. Mwina amaona ngati ndikuwaitanira kunyumba."

Anadzuka n'kuyamba kusesa kanjira chobwerera m'mbuyo, akufufuta mapazi anga limodzi ndi ake. Ine ndinayenda pamiyala m'mbali mwake ngati mwana wolangidwa. Titafika kumtsinje anasesa mpaka pamene mchenga umanyowa, n'kubisa tsache pansi pa mwala.

Sindinamuimbire wanjinga uja. Ndinakwera ndi mlamu kumtunda kumene anamanga timisasa tawo, ndipo malume ake anandipatsa mphasa. Ndinaimbira mkazi wanga kuti chikwama changa apatsire anthu a limana, ndikawapeza pa Chitakale kapena kutsogolo. Ndinaimbiranso achemwali.

"Wapitako?" anafunsa.

"Ndapitako."

"Ndiye?"

"Ndiye munanena zoona. Musazolowere."

"Ukayambira pati tsono?"

"Pamadzi," ndinatero, n'kudula foni asanafunse zambiri.

Kutacha ndinatsika ndekha. Mlamu anafuna kundiperekeza, ndinamukaniza. Chifunga chinali chikadalipo, chopyapyala, dzuwa likuyesa kuboola. Sindinapite kubwalo kuja. Ndinadutsa pamiyala, kutali ndi kanjira, mpaka ndinafika m'mphepete mwa mtsinje cham'munsi pang'ono, kenako ndinakwera ndi gombe kulunjika pamene kanjira kamathera.

Mukufuna kudziwa ngati mapazi analipo. Sindinayang'ane pansi. Nditchuleni wamantha, zilibe kanthu. Ndinaganiza kuti ndikawapeza, miyendo indikanika. Ndikapanda kuwapeza, ndibwerera kumtunda kukakalipira mkazi wamasiye. Zonse ziwiri sizikanamufikitsa munthu ku Michiru. Maso anga anali pa zipilala za mlatho kutsidya.

Ndinavula nsapato, kuzimanga zingwe pamodzi, n'kuzikoleka m'khosi. Ndinapinda buluku mpaka m'ntchafu. Amayi a limana anati ugwade, unene mofatsa. Sindinagwade. Mofatsa iyeyo sankamva.

"Iwe!" ndinakuwa, mpaka mawu anabwerera kuchokera m'miyala. "Ukuima chiyani pamenepo ngati chitsa? Anzako anyamuka kale! Bweretsa mkono!"

Ndinatambasulira dzanja lamanzere kumbuyo, n'kulifumbata, n'kulowa m'madzi. Anali ozizira kuposa dzulo lake. Ndinayenda pang'onopang'ono, phazi limodzi, kenako linzake, ndikunena mokweza kuti apa poterera, ponda apo, usayang'ane madzi, yang'ana msana wanga, chitsiru iwe. Pakati pa mtsinje bondo langa lija linagwedera ndipo ndinapendekera kumanzere, koma sindinagwe, ndipo dzanja sindinalifumbatule.

Kutsidya ndinakhala pa chipilala n'kuvala nsapato ndi dzanja limodzi, zingwe osamanga. Kenako ndinayamba kutsika ndi msewu wafumbi kulowera m'minda ya tiyi. Amayi othyola tiyi, madengu kumsana, anandipatsa moni, ndipo ndinawayankha ndi mutu. Nditafika pa tala ndinakhotera ku Chitakale. Ndinayenda cha mkati, mbali ya magalimoto, n'kusiya mpata wa munthu mmodzi pakati pa ine ndi udzu.